Phunziro 27: Maina Atatu a Mwana Wogwidwa

Phunziro ili ndi la masiku 6. Tsiku lililonse aphunzitsi awerenge gawo limodzi mokweza, ana amvetsere. Kenaka ana awerenge okha mau amene ali pansi pa gawolo. Madzulo makolo awerengenso gawo lomwelo ndi ana kunyumba.

Tsiku loyamba: Nkhondo ya zaka 16

Dziko la Moçambique linalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Tsiku limenelo anthu anaimba ndi kuvina. Koma mtendere sunakhalitse. Mu 1976 inayamba nkhondo ina, ndipo inatha mu 1992. N'cifukwa cake akuluakulu amaicha nkhondo ya zaka 16.

Nkhondo imeneyi inali yapaciweniweni. Ndiko kunena kuti anthu a dziko limodzi anali kumenyana okhaokha. Mbali imodzi kunali asilikali a boma la Frelimo. Mbali ina kunali asilikali a Renamo. Nthawi zina mkulu anali mbali iyi, mng'ono wake ali mbali inayo.

Nkhondo inafika ku Tete. Inafika ku Niassa ndi ku Zambézia. Inafika m'midzi ya ku Angónia, ku Tsangano ndi ku Macanga. Nyumba zinatenthedwa. Nkhokwe zinapasulidwa. Ng'ombe ndi mbuzi zinatengedwa. Masukulu ndi zipatala zambiri zinatsekedwa.

Anthu ambiri anathawa. Ena anathawira m'matauni. Ena anaoloka malire, napita ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe. Koma ena sanathe kuthawa. Anagwidwa ndi asilikali, natengedwa kupita kutali ndi kwao. Pakati pa ogwidwawo panali ana aang'ono, amsinkhu wa kalasi yoyamba.

M'masiku akudzawa ana amva za anthu ogwidwawo: kumene anasungidwa, mmene anakhalira ndi moyo, ndi mmene ena anabwererera kwao.

Werengani nokha:

Nkhondo inali yoipa.
Ana ena anagwidwa.
Nkhondo inatha.

Tsiku laciwiri: Ndende ya khoma ndi ndende yopanda khoma

Munthu wogwidwa ndi kusungidwa mokakamiza amachedwa mkaidi. Malo osungira akaidi ndiwo ndende. Pa nkhondo ya zaka 16 panali ndende za mitundu iwiri.

Ndende yoyamba inali ya khoma ndi citseko ca citsulo. Asilikali a boma akagwira msilikali wa Renamo, anali kumutsekera m'menemo, kapena m'cipinda ca kumsasa wa asilikali. Nthawi zina anali kutsekeranso munthu wamba, cifukwa congomuganizira kuti anapatsa adani cakudya. Mkati munali mothithikana. Cakudya cinali cocepa. Ena anamenyedwa. Ena anakhalamo nthawi yaitali mlandu wao osazengedwa.

Ndende yaciwiri inalibe khoma. Inali malo a asilikali a Renamo, amene anthu amawacha kuti baze. Baze inali kukhala m'nkhalango kapena paphiri. Baze yaikulu inali ku Gorongosa, m'cigawo ca Sofala, ndipo zina zing'onozing'ono zinali m'madera ambiri. Pakati pa baze panali kukhala asilikali. Kunja kwake kunali zisakasa za anthu ogwidwa ndi minda. Citseko panalibe, koma alonda anali ponseponse. Munthu sanali kuloledwa kucoka.

Anthu anali kufika bwanji ku baze? Asilikali anali kulowa m'mudzi usiku kapena mbandakuca. Anali kutenga cimanga, nkhuku ndi zovala. Kenaka anali kugwira anthu kuti asenze katunduyo. Anagwidwa amuna ndi akazi. Anagwidwa anamwino ndi aphunzitsi. Anagwidwanso ana.

Wogwidwa sanasankhe kupita. Anacita kutengedwa. Wa m'ndende ya khoma anali munthu. Wa ku baze analinso munthu. Aliyense anali ndi dzina, anali ndi amai ake, anali ndi mudzi wa kwao.

Werengani nokha:

Mkaidi ndi munthu.
Mkaidi ali ndi dzina.
Mkaidi ali ndi kwao.

Tsiku lacitatu: Mafunso atatu a usiku

Nkhani yotsatirayi ndi yophunzitsa. Zonga izi zinacitikira ana ambiri, n'cifukwa cake mnyamata wa m'nkhaniyi sanachulidwe dzina.

Panali mnyamata wa zaka 7. Kwao kunali ku Angónia, kufupi ndi phiri la Dómuè. Tsiku lina mbandakuca mfuti zinalira m'mudzi. Anthu anabalalika. Amai ake anathawira kudambo, khanda lili kumbuyo. Mnyamata anathamangira kukhola kukatsegulira mbuzi. Asilikali anamupeza komweko. Anamusenzetsa thumba la nyemba, ndipo anayenda masiku 3 mpaka kufika ku baze.

Ku baze kunali nchito tsiku ndi tsiku. Ana anali kutunga madzi, kutola nkhuni ndi kuingitsa mbalame m'munda wa mapira. Akuluakulu anali kulima, kusinja ndi kusenza katundu maulendo ataliatali. Cakudya cabwino cinali ca asilikali. Ogwidwa anali kudya nsima ya gaga, masamba a m'thengo, ziwala ndi mbewa. Mcere kunalibe. Sopo kunalibe. Malaya a mnyamata atang'ambika, anavala ciwondo, nsalu yopangidwa ndi khungwa la mtengo.

Asilikali anamupatsa dzina lina. Anati, "Za kwanu uiwale. Kwanu ndi kuno."

Pa baze panali mai wina wogwidwa, wa m'mudzi wina. Maiyo anaona mnyamata akulira yekha pafupi ndi moto. Anamutenga. Anali kumugawira nsima yake. Anali kumucotsa matekenya kumapazi. Usiku anali kumufunditsa ciguduli cake. Ndipo usiku uliwonse, anthu atagona, anali kumufunsa monong'ona.

"Mwanawe, dzina lako ndani?"

Mnyamata anali kuchula dzina lake la kwao.

"Amai ako dzina lao ndani?"

Anali kuchula.

"Mudzi wanu ndi kwa yani?"

Anali kuchulanso.

Usiku wina mnyamata anafunsa, "Amai, bwanji mumandifunsa zomwezomwezi?"

Mai uja anati, "Mwana wanga, mbuzi ikasocera, eni ake amaidziwa ndi cizindikiro ca pakhutu. Iwe cizindikiro cako ndi maina atatuwa. Mbuzi zanu anatenga. Maina awa usunge."

Panalinso bambo wina amene kwao anali mphunzitsi. Iye anabisa nchito yake, pakuti aphunzitsi ambiri anali kuphedwa. Akapita kotola nkhuni, bamboyo anali kulemba dzina la mnyamata pansi ndi kamtengo. Mnyamata anali kutsanzira. Akatha, anali kufufuta ndi phazi kuti alonda asaone.

Werengani nokha:

Dzina lako ndani?
Amai ako ndani?
Mudzi wanu ndi kwa yani?

Tsiku lacinai: Kuthawa

Panapita zaka 2. Mnyamata anakwanitsa zaka 9. Pa baze, anyamata akakulirapo anali kupatsidwa mfuti ndi kuumirizidwa kumenya nkhondo. Mai uja anaona kuti nthawi ya mnyamatayo yayandikira. Mtima wake sunakhazikike. Anaganiza zothawa naye.

Kuthawa kunali koopsa. Munthu akagwidwa akuthawa anali kulangidwa pamaso pa anthu onse, ndipo ambiri anaphedwa. Conco mai uja sanafulumire. Tsiku lililonse anali kubisa kakhonde kamodzi ka makaka pansi pa mwala. Anadikira mvula zoyamba. Mvula imafufuta mapazi. Mvula imatseka makutu a alonda. Nthawi ya mvula zoyamba m'thengo mumakhala masuku ndi bowa.

Mai anapita kwa bambo uja. Anati, "Bambo, usiku uno tikupita. Tiyeni."

Bamboyo anali ndi bala lalikulu pamwendo. Anati, "Pitani, amai. Ine ndingakucedwetseni. Mwanayo mukamufikitse."

Usiku mvula inagwa yamphamvu. Mai ndi mnyamata anatuluka m'cisakasa cokwawa. Anatsikira kumtsinje, nayenda m'madzi kuti asasiye mapazi. Sanatsate njira, pakuti m'njira munali asilikali ndi mabomba okwirira pansi. Usiku anali kuyenda. Masana anali kubisala m'zitsamba. Moto sanakoleze, kuopa kuti utsi ungaoneke. Anadya makaka aja, masuku ndi madzi a m'zithaphwi.

Mitambo itacoka, mai analoza nyenyezi yowala ya mbandakuca. Anati, "Iyo ndi nthanda. Kumene ikutulukirako ndiko kum'mawa. Kum'mawa ndiko ku Malawi."

Usiku wacitatu mapazi a mnyamata anatupa. Anakhala pansi. Anati, "Amai, ndisiyeni pano."

Mai anati, "Iai, mwana wanga. Dzina lako ndani?"

Mnyamata anachula, misozi ili mbwembwembwe. Anachula dzina la amai ake. Anachula mudzi wao. Mai anagwada, namubereka kumbuyo ngati khanda.

Usiku wacinai anamva kulira kwa galimoto. Anaona nyali zikudutsa. Unali mseu waukulu. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu mseu umayenda m'malire: tsidya lino ndi Moçambique, tsidya ilo ndi Malawi. Kutaca, anaoloka mseuwo.

Si onse othawa amene anafika. Ena anagwidwanso. Ena anafera m'thengo ndi njala. Enanso sanathawe, cifukwa anali odwala, okalamba kapena anali ndi ana aang'ono. Amenewa sanali amantha. Anapirira mpaka nkhondo inatha.

Werengani nokha:

Mvula inagwa usiku.
Mai anabereka mwana.
Anafika pa mseu.

Tsiku lacisanu: Cithunzi pamsika

Mai ndi mnyamata anafika kumsasa wa anthu othawa nkhondo, ku Dedza. Analandira phala, bulangeti ndi sopo. Mnyamata analawa mcere patapita zaka 2. Ananyambita cala cake kawiri.

Koma amai ake omubala anali kuti? Ku Malawi kunathawira anthu a ku Moçambique oposa 1,000,000. Anali ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mwanza, ku Nsanje ndi m'maboma ena. Kupeza mai mmodzi pakati pa anthu onsewo kunali kovuta.

Panali anthu amene nchito yao inali kufunafuna abale a ana otayika. Ena anali a Cruz Vermelha. Ena anali a Save the Children. Ena anali anthu wamba odzipereka. Anali kulemba maina a mwana ndi kumujambula cithunzi. Zithunzi anali kuziika papepala lalikulu, ndi kuyenda nalo m'misasa, m'misika ndi m'mipingo.

Tsiku lina mlembi anaitana mnyamata uja. Anatsegula buku lake, nati, "Mwanawe, dzina lako ndani?"

Mnyamata anayang'ana mai uja. Mai anamwetulira. Mnyamata anayankha mokweza.

"Amai ako dzina lao ndani?"

Anayankha.

"Mudzi wanu ndi kwa yani?"

Anayankhanso. Kenaka anati, "Bambo, dzina langa ndimatha kulemba." Mlembi anamupatsa pensulo, ndipo mnyamata analemba yekha m'buku.

Panali ana ena amene sanathe kuyankha. Ena anagwidwa ali aang'ono kwambiri. Ena anaiwala maina a kwao, nakumbukira dzina la ku baze lokha. Kufunafuna abale ao kunatenga nthawi yaitali, ndipo ena abale ao sanapezeke.

Panapita miyezi 5. Tsiku la msika, ku Ntcheu, bambo wina anaima patsogolo pa pepala la zithunzi. Nkhope ya mnyamata sanaizindikire, pakuti anali atakula ndi kuonda. Koma pansi pa cithunzi anawerenga dzina la mlongo wake ndi dzina la mudzi wao. Bamboyo anali malume ake a mnyamata. Anasiya katundu wake pamsika, nathamanga kukauza mlongo wake.

Amai ake a mnyamata anafika ku Dedza. Anaima patali, naitana dzina la mwana wao. Mnyamata anatembenuka. Anathamanga. Anthu onse anaimba nthungululu.

Kenaka amai aja anagwada pamaso pa mai amene anasunga mwana wao. Anati, "Amai, ine mau ndilibe. Mwana uyu ndi wanunso." Malume anaomba m'manja, nati, "Akuluakulu ananena: mwana wa mnzako ngwako yemwe."

Werengani nokha:

Mwana analemba dzina lake.
Malume anawerenga dzina.
Amai anapeza mwana wao.

Tsiku lacisanu ndi cimodzi: Kubwerera kumudzi

Pa 4 Okutobala 1992, mu mzinda wa Roma, Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere. Anawathandiza kukambirana ndi a gulu la Sant'Egidio ndi bishopu wamkulu wa ku Beira, Jaime Gonçalves. M'panganomo munalembedwa kuti akaidi a nkhondo amasulidwe. Zitseko za ndende zinayamba kutseguka. Anthu a ku baze anayamba kubwerera kwao. Pofika mu 1995, anthu pafupifupi 1,700,000 anali atabwerera kucokera ku maiko oyandikana.

Mnyamata uja anabwerera ku Angónia ndi amai ake. Anapeza mudzi uli udzu wokhawokha. Anadula mitengo, namanganso nyumba. Mai amene anamusunga anapita kumudzi kwao, koma caka ciliconse, pambuyo pokolola, mnyamata anali kumupititsira nyemba. Bambo wa bala uja anatuluka ku baze nkhondo itatha. Anali kuyenda ndi ndodo, koma anayambanso kuphunzitsa ana pansi pa mtengo.

Kunabwereranso anyamata amene anasenzetsedwa mfuti. Anthu ena anali kuwaopa. Ena anali ndi mkwiyo. Tsono amfumu anaitana msonkhano. Anati, "Ana awa sanapite okha. Anacita kugwidwa. Ndi ana athu."

M'midzi yambiri munali mwambo wolandira obwera kunkhondo. Zovala za kunkhondo anali kuzitentha. Munthu anali kusamba mankhwala ndi kumeta tsitsi. Akuluakulu anali kuthira nsembe ya ufa, kuuza makolo akale kuti mwana wabwera. Mabanja ena anali kupita naye kumapemphero. Pomaliza onse anali kudya nsima mbale imodzi. Kuyambira tsiku limenelo munthuyo anali kuitanidwa ndi dzina lake la kwao. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.

Caka ciliconse, pa 4 Okutobala, masukulu amatseka. Ndi tsiku la mtendere ndi kuyanjananso.

Werengani nokha:

Mtendere unabwera.
Ndende zinatseguka.
Ana anabwerera kwao.

Lamulo limati ciani?

Nkhondo nayo ili ndi malamulo. Mu 1949 maiko anagwirizana mu mzinda wa Geneva za kasungidwe ka anthu pa nkhondo. Malamulowo amagwiranso nchito pa nkhondo yapaciweniweni. Amati munthu wogwidwa asaphedwe, asazunzidwe ndipo asanyozedwe. Wodwala ndi wovulala asamalidwe.

Mu 1989 maiko anagwirizananso za ufulu wa ana. Anati mwana wosakwana zaka 15 asatengedwe kukhala msilikali. Mu 1996 mai Graça Machel, a ku Moçambique, anapereka lipoti ku bungwe la maiko onse, kufotokoza mmene nkhondo imapwetekera ana. Mu 2000 maiko anaonjezera kuti mwana wosakwana zaka 18 asaumirizidwe kulowa usilikali.

Mau atsopano m'Cinyanja ndi m'Cipwitikizi

nkhondo: guerra
mtendere: paz
ndende: cadeia
mkaidi: prisioneiro
msilikali: soldado
kuthawa: fugir
malire: fronteira
cithunzi: fotografia
dzina: nome
mudzi: aldeia

Yankhani mafunso awa

1. Nkhondo ya zaka 16 inatha caka citi?
2. Chulani mitundu iwiri ya ndende.
3. Anthu ogwidwa anali kudya ciani ku baze?
4. Mai uja anali kufunsa mafunso ati usiku?
5. N'cifukwa ciani anadikira mvula asanathawe?
6. N'cifukwa ciani bambo wa bala sanapite nao?
7. Malume anadziwa bwanji kuti cithunzi ndi ca mphwao?
8. Amfumu anati ciani za anyamata obwera kunkhondo?

Werengani ndi kulemba

dza dze dzi dzo dzu

dzi-na, mu-dzi, ma-dzi, dzu-wa, dza-nja, dzi-ra

Lembani m'kope mwanu, ndi kumaliza mizere iyi:

Dzina langa ndine __________.
Amai anga ndi a __________.
Bambo anga ndi a __________.
Mudzi wathu ndi kwa __________.

Masamu

1. Mnyamata anagwidwa ali ndi zaka 7. Anakhala ku baze zaka 2. Anathawa ali ndi zaka zingati?
2. Mai anabisa makaka 8. Panjira anadya 5. Anatsala angati?
3. Mlembi anajambula ana 4 m'mawa ndi ana 3 masana. Onse pamodzi ndi angati?

Sewero

Khalani awiriawiri. Wina akhale mlembi, wina akhale mwana wotayika. Mlembi afunse mafunso atatu aja. Mwana ayankhe maina ake enieni, mokweza. Kenaka sinthanani.

Jambulani

Jambulani nyumba ya kwanu ndi cinthu cimodzi ca pafupi ndi nyumbayo: phiri, mtsinje, cigayo kapena mtengo waukulu. Pansi pake lembani dzina la mudzi wanu.

Kwa makolo ndi agogo

Mabanja ambiri a ku Tete ndi ku Niassa amaidziwa bwino nkhani iyi. Alipo agogo amene anasenza katundu kupita ku baze. Alipo amene anatsekeredwa m'ndende ya boma. Alipo amene mpaka lero sadziwa kumene kunagona m'bale wao. Owerengera amati nkhondo ya zaka 16, pamodzi ndi njala ndi matenda amene inabweretsa, inapha anthu pafupifupi 1,000,000.

Ana akafunsa kuti wolakwa anali ndani, makolo anene zoona. Renamo inagwira anthu ambiri a m'midzi, niwagwiritsa nchito yakalavulagaga, ndi kusenzetsa ana mfuti. Boma nalo linagwira anyamata m'misika ndi m'miseu kuti akhale asilikali, linasamutsa anthu mokakamiza, ndipo linali ndi misasa yosungira anthu ku Niassa. Mu 1983 linatenga anthu ambiri m'mizinda ndi kuwatumiza ku Niassa kukalima, ndipo ena sanabwereko. Maiko akunja nao anasonkhezera moto. Renamo inathandizidwa ndi boma la azungu la Rhodesia, kenaka ndi la South Africa. Boma la Frelimo linathandizidwa ndi Soviet Union, Zimbabwe ndi Tanzania. Koma ovutika anali anthu a m'midzi.

Njira zotulukira mu ukaidi zinali zingapo. Ena anathawa usiku, monga m'nkhani ija. Ena anathawa pamene baze inali kuthiridwa nkhondo. Mu Disembala 1987 linakhazikitsidwa lamulo lokhululukira asilikali a Renamo odzipereka okha, ndipo ena anatulukira pamenepo. Ambiri anadikira mpaka 1992.

Mu 1988, ku Lhanguene mu mzinda wa Maputo, kunatsegulidwa nyumba yosamalira anyamata amene anagwidwa ndi kusenzetsedwa mfuti. Amene anali kuwasamalira anaona kuti mankhwala aakulu a mwana wotere ndi kubwerera kwa abale ake. Nchito yolemba maina ndi kujambula zithunzi inafalikira m'zigawo zambiri, ndipo ana zikwi zambiri anapezana ndi mabanja ao.

Zimenezi si zakale zokha. Pakati pa 2013 ndi 2016 mfuti zinaliranso m'madera ena, ndipo mu 2016 mabanja a ku Tete anathawira ku Kapise, m'boma la Mwanza ku Malawi. Pangano lina la mtendere linasainidwa ku Maputo pa 6 Ogasiti 2019 ndi Filipe Nyusi ndi Ossufo Momade. Ku Cabo Delgado, nkhondo imene inayamba mu 2017 yagwiranso ana ambiri. Mwana angasiyanenso ndi makolo ake pa madzi osefukira, pamsika kapena pa ulendo.

Conco makolo acite izi kunyumba:

1. Aphunzitse mwana dzina lake lonse, ciwongo cake, maina enieni a amai ndi a bambo ake, dzina la mudzi, la amfumu ndi la boma. Ana ambiri amangodziwa kuti "amama" ndi "ababa". Ngati pakhomo pali foni, mwana aloweze nambala imodzi.

2. Agogo akafuna kufotokoza za nkhondo, ana akhale pansi amvetsere. Akakana, asaumirizidwe. Zoopsa kwambiri zisanenedwe kwa mwana wamng'ono, makamaka usiku.

3. Mwana asanyozedwe cifukwa ca mbali imene agogo ake anali pa nkhondo. Maina onyoza a nthawi imeneyo asamveke pakhomo kapena pabwalo la sukulu.

4. Mu 2015 boma linalengeza kuti malo onse odziwika a mabomba okwirira ayeretsedwa. Komabe zipolopolo ndi mabomba akale amapezekabe m'minda ndi m'thengo. Mwana akaona citsulo cacilendo, asacikhudze. Abwerere mmene anadzera, akauze munthu wamkulu.

5. Pakafika mwana wotayika m'mudzi, apatsidwe cakudya ndi pogona, ndipo amfumu ndi apolisi auzidwe tsiku lomwelo.

Usiku uno, ana asanagone, amai kapena agogo afunse mwana aliyense mafunso atatu aja. Mawa ana abwere kusukulu ndi makope ao, mizere inai ija itadzazidwa.